Aizimitsa firewall, ine andiuza ndisakhudze

Nsima ndadya koma sindinaimve kukoma. Seva yathu ya ku ofesi, kompyuta yomwe imasunga pulogalamu ya akawunti ndi za malipiro, ikugona usiku uno firewall yake, chotchinga choletsa osaloledwa kuifikira pa netiweki, ili yozimitsa, ndipo ine amene ndinalembedwa ntchito yoti ndiziyang'anira seva imeneyi ndauzidwa kuti ndisaikhudze mpaka malipiro atuluke. Ndiye ndati ndingolemba mwina mtima ungakhale m'malo.

Zinayamba ndi foni ya mayi a ku akawunti. Mwana wawo sakupeza bwino, ndiye sabata ino akugwirira ntchito kunyumba kwawo ku Area 49, amalowa pa VPN, njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya ku ofesi kudzera pa intaneti. Mwezi ukutha, mafayilo a malipiro akuyenera kupita ku banki. Akatsegula pulogalamu ya akawunti imangozungulira kanthawi, kenako nkutulutsa kabokosi kaja koti "The RPC server is unavailable", pansi pake 0x800706BA. Amene munagwirapo ntchito ndi Windows mukukadziwa kabokosi kameneka, penapake kamabwera ndi nambala 1722, ndi kamodzimodzi.

"Achimwene, seva yafa," anatero.

Ndinawauza kuti ayi mayi, seva ili moyo, anzanu awiri ali pompano akulemba ma invoice pa pulogalamu yomweyo. Uthenga umenewu umasokoneza anthu ambiri chifukwa umamveka ngati seva yazima, pomwe chomwe laputopu ikunena nchakuti ndaitana koma sindinayankhidwe. Sikuuza kuti mawu athera pati. Mwina dzina la seva likuloza ku adiresi yolakwika, mwina pali chotchinga panjira, mwina service yake yaimadi. Ndiye umayenera kuyenda nayo pang'onopang'ono njira yonse.

Tinayamba choncho, iwo akutaipa ine ndikuwawerengera chilembo chimodzichimodzi pa foni, akamaliza ajambule sikirini anditumizire pa WhatsApp. Ping, yoyesera ngati seva ikufikika, ikuyankha bwinobwino. Nslookup ikupereka adiresi yeniyeni ya seva, ndiye za DNS, yomwe imasandutsa dzina la seva kukhala adiresi, ndinaziika pambali, ngakhale nthawi zambiri pa VPN vuto limakhala pomwepo, laputopu nkumafunsabe DNS ya rauta ya kunyumba m'malo mofunsa ya ku ofesi. Ndinawafunsanso adiresi ya MiFi yawo, chifukwa zimachitika kuti kunyumba kuli 192.168.1 ku ofesi nakonso 192.168.1, laputopu nkumasaka seva m'nyumba momwemo. Yawo ndi 192.168.8, palibe kugundana. Kenako PowerShell, Test-NetConnection, dzina la seva, -Port 135. Chithunzi chinabwera chopendekeka, chala chawo chikuoneka m'mphepete, koma mawu akuwerengeka: TcpTestSucceeded True.

Apa mpomwe mtima wanga unayamba kukhazikika chifukwa ndinadziwa komwe tikulowera. RPC, njira imene pulogalamu ya pa laputopu imaitanira ya pa seva, siyenda pa port imodzi (port ndi khomo la nambala lolowera pa seva). Port 135 ili ngati mlonda wa pa geti uja wa pa maofesi a ku City Centre, ukafika umamufunsa kuti a akawunti ali kuti, iye nkukuuza kuti pitani chitseko nambala chakuti. Mlondayo sakupatsa chimene wabwerera, amangokulozera chitseko. Ndiye laputopu imafunsa pa 135, mlonda uja, endpoint mapper, nkuyankha kuti pulogalamu imene ukufunayo lero ikumvetsera pa port yakuti, laputopu nkutsegula ulendo wina watsopano kupita pa port imeneyo. Kuyambira pa Windows Vista ndi Server 2008 ma port amenewa amatengedwa pakati pa 49152 ndi 65535, kale pa XP ndi Server 2003 inali 1025 mpaka 5000, ndipo seva ikangoyambanso nambala itha kusintha. Ukatsegula 135 yokha wamaliza theka la ntchito basi. Munthu amadutsa pa geti bwinobwino nkukapeza chitseko chamkati chokhoma, ndipo Windows imangonena kuti unavailable osafotokoza kuti chitseko chake ndi chiti.

Ndinayendetsa PortQry pa kompyuta yanga, -e 135, inandilembera mndandanda wonse wa zimene zalembetsa pa endpoint mapper, ndinapeza port ya pulogalamu yathu ili cha m'ma 49 sauzande. Ndinawatumizira mayi nambalayo kuti ayese Test-NetConnection pa iyo. False. Ine ndikayesa ndili mu ofesi, True. Basi, nkhani inali itaoneka poyera, panangotsala kupeza kuti akutchinga ndani, bokosi la VPN kapena firewall ya Windows ya pa seva yeniyeniyo.

Ndili mkati motsegula malamulo a firewall mpomwe abwana analowa. Mayi aja anali atawaimbira, sindikuwadandaula, anali ndi mantha ndi nthawi. Ndipo zinangochitika kuti mnyamata wa ku kampani yomwe inatigulitsa pulogalamuyi anali pa ofesi, anabwerera za laisensi. Abwana anabwera naye.

"Mwafika pati?"

Ndinati bwana ndapeza, ma port a pamwamba sakudutsa kwa anthu a pa VPN, ndipatseni kanthawi kochepa ndione lamulo lomwe likutchinga.

Mnyamatayo anaseka pang'ono, osati monyoza, kuseka kwa munthu amene waziona zinthu izi kambirimbiri. Akuti, "Akulu, zimenezi timakumana nazo daily, ndi firewall basi. Ndiloleni." Abwana anagwedeza mutu, ine ndinasuntha mpando. Anatsegula command prompt, netsh advfirewall set allprofiles state off, Enter. Ok. Sipanapite nthawi foni ya abwana inalira, mayi aja akuti yatseguka, Ambuye adalitsike.

Abwana anandiyang'ana. Sananene choipa chilichonse, anangoti, "Mwaona, zatheka." Kenako, "Zisiyeni chonchi, musakhudze kanthu mpaka malipiro apite. Zinazo tikambirana."

Ndinayesa kulankhula. Ndinati bwana zimene zachitikazi zangotsimikiza kuti vuto lili pa firewall ya seva, tsopano tiyeni tiyatsenso tikonze lamulo limodzi lokha. Mnyamata uja akuti, "Koma akulu, seva ili mkati, kunja kuli kale firewall ina ya pa rauta, ndani angalowe? Ma client athu ambiri ndi yozimitsa ndipo palibe chinachitika." Abwana akuti, "Mwamva. Anthu akufuna ndalama zawo." Anatuluka onse awiri akukambirana za laisensi.

Mawu akuti palibe chinachitika amenewa ndi omwe akundisowetsa tulo. Ine ndinayamba kugwira makompyuta nthawi imene anthu ankakambabe za Blaster, kachilombo ka mu Ogasiti 2003 kamene kankalowera pa port 135 yomweyi, kompyuta nkukuwerengera masekondi 60 kenako nkuzima yokha chifukwa RPC yagwa. Nchifukwa chake makampani ambiri a intaneti anayamba kutseka 135 panjira zawo, nchifukwa chakenso zinthu ngati izi timazidutsitsa mkati mwa VPN osati pa intaneti poyera. Mu Meyi 2017 WannaCry, kachilombo kena, inayenda pa port 445, inaimitsa ntchito mzipatala za ku Britain, ndipo ikangolowa pa kompyuta imodzi inkadzifalitsa yokha mkati mwa netiweki. Mkati momwemo momwe mnyamata uja akuti ndi motetezeka. Firewall ya pa rauta imayang'ana kunja. Siiona laputopu ya mnzathu yomwe Loweruka mwana wake amaikapo magemu otsitsa kaya kuti, Lolemba nkubwera nayo ku ofesi. Siiona flash ya mlendo. Siiona foni za madalaivala ndi alendo amene tinawapatsa pasiwedi ya wifi chifukwa chowamvera chisoni pa nkhani ya bandulo. Ndipo VPN yomweyo ikulowetsa malaputopu a m'makomo mwa anthu mpaka mkati. Usiku uno onsewo atha kugogoda pa 445, pa 3389 yolowera mu kompyuta uli kutali, pa port ya database, pa seva yomwe ili ndi maina a anthu, maakaunti awo a ku banki, malipiro awo, ngongole zomwe amadulidwa, zonse.

Anthu atabalalika ndinayang'ana ndithu malamulowo, kuyang'ana kokha sanandiletse. Ndinachipeza msanga. Lamulo la 135 ndi lotseguka kwa aliyense. Lamulo lachiwiri, la RPC Dynamic Ports, pa Scope, pomwe pamasonyeza amene aloledwa, palembedwa Local subnet, kutanthauza makompyuta a mu netiweki ya mu ofesi okha. Linaikidwa kalekale pulogalamuyi ikubwera, VPN kulibe. VPN inabwera nthawi ya Covid mu 2020, ndipo anthu a pa VPN amapatsidwa maadiresi ena oyamba ndi 10, seva siwawerengera ngati a m'nyumba. Nthawi yonseyi anthu amalowa pa VPN kukatenga mafayilo pa shared folder basi, imeneyo imayenda pa 445 yomwe lamulo lake linakonzedwa, a akawunti okha sanagwirirepo kunyumba. Kukonza kwake nkungowonjezera subnet ya VPN pa Scope imeneyo, OK, kuyatsa firewall. Ngakhale kuyambitsanso seva sikufunika. Ndipo ubwino wa lamulo la RPC Dynamic Ports pa Windows ndi woti silitsegula ma port onse 16,384 mwachisawawa, limalola okhawo amene pulogalamu yatengadi kudzera pa RPC. Ndinakhala ndikuliyang'ana bokosilo, mouse ili m'manja, kenako ndinadina Cancel. Abwana anena, ndipo sindichita zinthu mseri pa seva ya eni ake.

Chakudya chamasana sindikukumbuka ngati ndinadya, ndikuganiza ndinangomwa tiyi. Kunja kunali fumbi lokhalokha ndi kamphepo kaja.

Kenako foni inaliranso, mayi omwe aja.

"Achimwene pepani ndakuvutitsani lero. Yatseguka inde, ndikulowa bwinobwino, mayina a anthu akuoneka, koma ndikadina lipoti la malipiro ikungoima. Kenako kabokosi kena, akuti The remote procedure call failed."

Apa firewall inali yozima kale, ndiye palibe akanainamizira. Zing'onozing'ono zikudutsa, zazikulu zikukanika. Ndikamva zotere pa VPN ndimaganiza za MTU, malire a kukula kwa paketi ya deta yomwe ingadutse panjira. Pa netiweki wamba paketi imodzi imafika ma byte 1500. VPN imakulunga paketi iliyonse nkuwonjezerapo zake pamwamba, ndiye yodzadza ija siikwananso. Mwadongosolo lake chipangizo cha panjira chimayenera kubweza uthenga woti chepetsani, koma uthengawo ndi wa ICMP, mtundu womwewo wa mauthenga a ping, ndipo anthu ambiri amatseka ICMP yonse poganiza kuti ndi chitetezo, ndiye paketi imangosowa panjira popanda wonena. Kulowa ndi pasiwedi ndi timapaketi ting'onoting'ono, timadutsa. Lipoti la anthu onse ndi mapaketi odzadza, amathera panjira.

Ndinati mayi tiyesenso ping koma ulendo uno muwonjezere -f -l 1472. Anandifunsa kuti ndi wani kapena elo, ndinati elo wamng'ono. Nambala 1472 ndi chifukwa pamwamba pake pamabwera ma byte 28 a ma header nkukwana 1500, ndipo -f ikutanthauza kuti paketiyi isadulidwe panjira. Request timed out. Tinatsika pang'onopang'ono, pofika 1372 inayankha. Ndiye ndinawawerengera netsh interface ipv4 set subinterface, dzina la VPN, mtu=1400 store=persistent. Laputopu yawo sanandiletse kukhudza. Atuluke pa VPN, alowenso, adine lipoti.

Tikudikira kuti lipoti lituluke tinacheza, ndipo kucheza kumeneku nkomwe kwandisokoneza kuposa za abwana zija. Mwana ankakhosomola chapatali. Ndinawauza, mwina sindinayenera kuwasenzetsa nkhawa zanga koma zinangotuluka, kuti mayi seva yomwe mukugwiritsa ntchitoyi panopa ili pambalambanda ndipo sizikundisangalatsa.

Anakhala chete pang'ono kenako akuti, "Achimwene, ine za ma port zanuzo sindizidziwa ndipo sindinama kuti ndizimva. Chomwe ndikudziwa nchakuti mlonda wathu wandiimbira kawiri, landilodi wamuuza kuti akapanda kulipira pofika pa 1 atulutse katundu. Amayi okonza mu ofesi aja mwana wawo abwezedwa ku sukulu. Ine ndikachedwa tsiku limodzi banki nayo itenga lake tsiku, ndiye weekend yalowa. Inu mukuopa wakuba amene mwina abwera, ine ndikuona anthu amene ali pakhomo kale."

Sindinawatsutse chifukwa akunena zoona. Ndimawadziwa anthu amenewo, mlonda amene akunenayo ndi amene amandisungira njinga yamoto ndikaweruka usiku. Ndinangoti mayi, ndalama za anthu omwewo ndi zomwe ndikuopera. Seva imeneyi itagwidwa ndi kachilombo kokhoma mafayilo, sikuchedwa kwa tsiku limodzi ayi, ndi masabata, kubwezeretsa backup, kuyambanso kulowetsa zomwe zasowa, ndiponso maakaunti a anthu ali m'manja mwa munthu wosamudziwa. Ndipo chomwe chikundiwawa nchakuti sitikuyenera kusankha pakati pa ziwirizi. Kukonza kwake ndi mzere umodzi, inu simungazindikire nkomwe kuti ndakhudza.

"Ndiye bwanji osawauza abwana choncho?"

Ndinati ndawauza.

"Munawauza ngati mmene mwandiuzira inemu, kapena munawauza za ma port?"

Lipoti linatuluka nthawi yomweyo, anakuwa ndi chimwemwe mpaka mwana anadzidzimuka, tinatsanzikana mwachangu. Funso lawo ndatsala nalo.

Chifukwa ndikaganiza, abwana si munthu wosasamala. Anaona zinthu ziwiri patsogolo pawo, munthu wina akunena kuti ndipatseni kanthawi, wina wataipa mzere umodzi zinthu nkutheka. Aliyense wosadziwa za mkatimu angasankhe wachiwiriyo. Ntchito yathuyi ikayenda bwino palibe chooneka, munthu sangakuthokoze chifukwa cha kachilombo komwe sikanalowe. Ndipo mnyamata ujanso sindikumuda, iye amayesedwa ndi kuchuluka kwa ma client omwe wawatsegulira pa tsiku, achoke pano athamangire ku Kanengo, achoke ku Kanengo apite ku Old Town, akachoka seva si yakenso. Koma zimandipweteka kuti mchitidwe umenewu wafala mu tauni muno. Pulinta ikakana kulumikiza, zimitsani firewall. Outlook ikavuta, zimitsani firewall. Remote ikakana, zimitsani antivirus. Nthawi zambiri munthu amati ndingoyesa kaye, nkuiwala kuyatsa, chaka nkutha. Kuzimitsa kwa mphindi imodzi kuti uone ngati vuto lili pamenepo ine ndilibe nako mlandu, ndi njira yofufuzira. Koma ukaona kuti zatheka, mpomwe ntchito yeniyeni ikuyambira, uyatsenso, utsegule log ya firewall pa dropped packets, uone adiresi ndi port zomwe zikutayidwa, ulembe lamulo la zimenezo zokha.

Nanga likanakhala bokosi la VPN lomwe likutchinga, akanatani? Pamenepo ndiye pamakhala mkangano weniweni, chifukwa mabokosi ambiri sadziwa kuti RPC yasankha port iti, umayenera kutsegula 49152 mpaka 65535 yonse kuchokera ku VPN kupita ku seva imodziyo, apo ayi upanikize RPC pa seva kuti izigwiritsa ntchito ma port ochepa kudzera mu registry, pa Rpc\Internet paja, zomwe zimafuna kuyambitsanso seva ndipo ukapanikiza kwambiri ma port amatha nkuyamba kuona 1753, no more endpoints available. Zimenezo ndikanamvetsa munthu atati tidikire malipiro apite kaye. Koma zathuzi ayi.

Za MTU nazonso sizinathe, ndangokonza laputopu imodzi. Malo ake enieni ndi pa bokosi la VPN, kuika MSS clamping kuti aliyense wolowa apatsidwe mapaketi okwana popanda kumuwerengera netsh pa foni. Anzathu a ku field akamadandaula kuti fayilo yaikulu ikuima pakati timangoti ndi netiweki ya kumudzi, pano ndayamba kukayika kuti mwina ena mwa iwo vuto lawo ndi lomweli. Koma bokosi limenelonso lili m'gulu la zosakhudza.

Pobwerera pa Area 18 panali mzere wa magalimoto wautali, ndinadutsa m'mbali ndi njinga mutu uli kwina. Ndisanachoke ndinachita zomwe ndikanatha popanda kuphwanya mawu a abwana, ndinayendetsa backup pamanja nkuikopera pa disiki yakunja, disikiyo ndaizula ndaikhomera mu kabati. Wifi ya alendo ndaizimitsa, imeneyo ili m'manja mwanga, mawa wina adandaula koma ndiyankha.

Ndalemba meseji yopita kwa abwana, ili mu draft. Ndachotsamo mawu onse a port ndi subnet. Ndalemba kuti bwana, panopa aliyense amene ali pa netiweki yathu atha kufikira seva ya malipiro, ndapeza chomwe chinkatchinga mayi aja, ndikupempha mphindi zochepa mawa mmawa anthu asanafike, mayi akhale pa foni ayese pompo, zikakanika ndibwezera momwe zilili panopa. Ndaiwerenga kangapo. Sindikudziwa ngati nditumize usiku uno kapena ndikawapeze maso ndi maso, iwo sakonda nkhani za ntchito usiku, komanso mawa ali ndi msonkhano mmamawa ndipo akalowa mmenemo satuluka msanga. Mayi aja akuti fayilo ya ku banki aitumiza mawa masana ngati ma allowance a ku field afika, akapanda kufika ndiye Lolemba, kutanthauza kuti weekend yonse seva ikhala chonchi. Mwina ndiwaimbire mayiwo kaye mmawa, abwana amawamvera iwo kuposa ine pa nkhani ya malipiro, kaya avomera kundilankhulira kaya aona ngati ndikuwaika pakati.